Muvi Wodzera kwa Atsibweni Ako

Mwana wanga Felista,

Usadabwe kulandira kalata kuchokera kwa munthu amene ukugona naye nyumba imodzi. Pakamwa panga ukupadziwa. Ndikati ndiyankhule ndimapeza ena ayankhula kale, nkhani yatha, anthu akukutumula fumbi m'zitenje. Ndiye ndabwereka cholembera cha mng'ono wako Rute ndi mapepala a pakati pa kope lake, ndakhala kuseri kwa nyumba pamene iwe wapita ku Limbuli kukatsanzika kwa anzako. Sukulu yanga inathera ku pulayimale, uwerenge mofatsa.

Mawa ukunyamuka ulendo wa ku Lilongwe. Za kupemphera, za kusaiwala kwanu, akuuza kale azimayi a kumpingo, ndipo akuuza bwino kuposa mmene ine ndikanathera. Ine nkhani yanga ndi imodzi. Sindikufuna kuti mawu ako azidzera kwa atsibweni ako a Joakimu asanafike kwa ine. Zonse zimene ndilembe pano zikuchokera pamenepo.

Ukukumbukira tsiku lija unayala chipepala chako chachikulu pamkeka, n'kuchipsinja ndi timiyala m'makona chifukwa cha mphepo? Unati kampani imene yakulemba ntchito imapanga mapulogalamu a pafoni a m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo gawo lako lidzakhala kulemba thandizo, mawu aja amene munthu amawerenga akasokonezeka, osadziwa podina. Unati usanalembe liwu ngakhale limodzi umayamba wajambula. Bokosi ndi munthu amene akupereka uthenga kapena kuulandira. Kabwalo ndi pamene uthengawo ukugwiridwa ntchito. Mizere iwiri yogona ndi pamene ukusungidwa. Muvi ndi njira imene ukuyenda. Ukatha kujambula, kabwalo kalikonse umakalembera thandizo lakelake, lalifupi, loima palokha, kuti namwino amene wakanika polembetsa wodwala asawerenge za wogawa mankhwala. Unatinso akasintha chinthu chimodzi m'pulogalamumo sulembanso buku lonse, umangochotsa kachidutswa kamodzi n'kuikapo kena.

Ine ndinakhala chete, iwe n'kuganiza kuti zandipitirira, n'kupinda chipepala chako. Zonse sindinazimve, sindikunama. Koma zina ndinazimva. Ndinaganiza za madzi athu ochokera m'phiri, mmene amalowera m'thanki, n'kutsika m'mapaipi, n'kugawika mpaka pampopi wa pamphambano. Mpopi ukauma timatsatira paipi kufikira titapeza pamene pathyoka. Ndinaona kuti ntchito yako ndi yabwino ndipo ndinanyadira. Ndikanakuuza tsiku lomwelo, koma ndi ine.

Ndiye Lamulungu lapitali atsibweni ako anaitana mbumba yonse kuti akudalitse. Anthu atadya, iwo anatulutsa foni yawo n'kuiika pabondo, nati, "Mwanayu akupita kutali. Mawu onse, kaya abwino kaya oipa, azifikira pano. Ine ndiye ndizimuuza Marita zoyenera kumva." Anthu anavomereza. Iwe unaseka, unatembenuza chipepala chako chija, n'kujambula kuseri kwake kuti uwasangalatse. Bokosi lako, kabwalo ka atsibweni ako pakati, bokosi langa kumapeto, mivi iwiri. Unawaonetsa, iwo n'kuombera m'manja, amvekere sukulu ndi yabwino. Kenako unati, "Amayi foni imawavuta, atsibweni. Bola inu."

Ndinali pomwepo, Felista. Ndinali ndi beseni la mbale m'manja. Palibe amene anatembenuka kundifunsa. Sindikukukwiyira chifukwa cha kuseka, ndiwe mwana. Chimene chandisowetsa mtendere ndi chakuti iwe, amene waphunzira kutsatira uthenga ndi chala kuchokera poyambira mpaka pothera, sunaone chimene unajambula. Kabwalo ka pakatiko ndakhala nako moyo wanga wonse. Tamvera ndikuuze mmene kamagwirira ntchito.

Bambo ako atapita kukagwira ntchito kuminda ya tiyi kutsidya, ku Mozambiki, iwe unali wamng'ono ndipo Rute anali m'mimba. Foni m'mbumba yonse inali ya atsibweni ako. Bambo ako akaimba, amuna awiriwo ankacheza mpaka batire kutha, koma chofika kwa ine chinali chakuti ali bwino, akupereka moni. Ndinkalandira moni wakewo ngati mchere wopempha, pang'ono m'chikhatho. Bambo ako atadwala, mnzawo wa kuntchito anaimba. Atsibweni ako anaona kuti munthu wapakati sauzidwa zotere. Bambo ako atamwalira, atsibweni ako anaona kuti ayambe akambirana kaye ndi abale a bambo ako ku Chinakanaka, chifukwa maliro a mkamwini ali ndi eni ake. Ananyamuka osanditsanzika. Masiku amenewo ndinkawaona akupita kuseri kwa khola foni ili kukhutu, akubwerako nkhope itagwa, osandiyang'ana. Ndinaona, koma sindinafunse. Ndinkati mlongo wanga wamkulu, mwinimbumba, angandione ngati wamwano.

Ndinamvera pampopi. Nditafika azimayi anasiya kucheza. Mmodzi ananditula ndowa pamutu ndisanatunge n'komwe, nati ndikhale kaye pansi. Wina, poganiza kuti ndikudziwa kale, anati pepani. Mudzi wonse unali ukudziwa kupatula ine ndi iwe. Pamene amalongosola zoti tiwoloke malire pa Muloza n'kuti bambo ako ataikidwa kale, ndipo ndinakangoonetsedwa mulu wa dothi lofiira. Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kufunsa atsibweni ako chifukwa chimene sanandiuzire akudwala. Anandiyankha mosakwiya n'komwe: "Ukanamva ukanatani, Marita? Ukanamuchiritsa iwe?" Sindikanamuchiritsa. Ndikanamuphikira phala. Mwina anali ndi mawu oti anene kwa ine, kapena kwa iwe, amene sakanawanena kwa mlamu wake.

Choncho, mwana wanga, ukamajambula timabwalo tako kumeneko, kumbukira kuti ena mwa ito muli munthu. Paipi siganiza, imangopereka madzi amene yalandira. Munthu amaganiza. Amayamba wasinkha ngati wolandirayo angapirire, ngati nthawi yake ndi ino, ngati nkhaniyo ikumuyenera. Amachita zimenezi ngakhale ali wokukonda, mwina makamaka akakhala wokukonda. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa kabwalo kalikonse udzifunse kuti uthenga ukafika apa ukhala m'manja mwa yani, ugonapo kapena upitirira, ndipo amene akuudikira kumapetoko akudziwa n'komwe kuti kuli uthenga wake. Ukamalemba thandizo la munthu wa pakabwalopo, umuuze mosazungulira kuti ntchito yake ndi kupereka, osati kusankhira mwini wake. Usaiwale zimenezi.

Za khutu la Rute ukuzidziwa mapeto ake okha, poti unali kusukulu yogonera konko. Khutu linkatuluka mafinya, thupi likutentha. Kuchipatala anatenga mafinyawo kuti akawayeze kwina, anandipatsa mankhwala, nati akaona kuti afunika kusintha anditumizira uthenga. Namwino anali ndi foni yaikulu m'manja, akulembamo. Anandifunsa nambala. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa azimayi, ana akulira. Ndinachita manyazi kunena kuti ndilibe foni, ndiye ndinatchula ya atsibweni ako, imene ndinkaidziwa pamtima. Namwino sanafunse kuti ndi ya yani. Sindikumunena, pamalo pamene ankalembapo panalibe pofunsa zimenezo. Panali pa dzina la mayi ndi pa nambala, basi.

Uthenga unatumizidwa. Atsibweni ako n'kuti ali ku Milanje, ku Mozambiki, kukagula nyemba, foni yawo itagwira netiweki ya kutsidya. Atabwerako mauthenga analowa onse pamodzi ngati ngumbi, a nyimbo, a zobetcha mpira, ndi wa Rute pakati pake. Anafufuta onse osawerenga. Ine kuno ndinkapitiriza kumwetsa mwana mankhwala osagwira, ndikudikira. Kuseri kwa khutu kutatupa ndinamubereka n'kubwerera ndekha. Namwino anayang'ana m'foni yake, nati, "Mayi, tinakutumizirani uthenga kalekale. Apa pakuonetsa kuti munalandira." Anandionetsa kachizindikiro kake. Ndinakayang'ana, n'kupepesa. Ine ndiye ndinapepesa. Rute anachira, koma kuyambira pamenepo ukamuitana uli kumanzere kwake satembenuka.

Pachipepala cha amene anapanga pulogalamu ya m'foni ya namwinoyo muvi unafika, Felista. Unachoka pachipatala n'kukagunda pabokosi lolembedwa kuti mayi wa mwana, ndipo ntchito inatha bwino. Iwenso bokosi limeneli ndinaliona pachipepala chako, m'mphepete, kudzanja lamanja. Ndikupempha kuti ukafika uliyang'anenso. Kuno kwathu nambala si munthu. Foni imodzi ndi ya nyumba zingapo, imagona m'thumba mwa mwamuna, imakhala tsiku lonse kogulitsa magetsi ikutchajidwa, ndipo ukangoyandikira mtsinje imalumphira ku Mozambiki popanda kukutsanzika. Anzako a kumeneko mwina sanaonepo foni ikuchita zimenezi. Iwe unakulira pano. M'kachidutswa ka thandizo ka namwino wolembetsa uikemo mawu oti afunse kuti foniyi ndi ya yani ndipo imagona kuti. Afunse motsitsa mawu, chifukwa mayi ngati ine sangayankhe zoona pamaso pa mzere wonse. Ndipo pakhale kachidutswa kena konena chochita uthenga ukapita koma mayi osabwera. Ngati mabwana ako anena kuti zimenezo si za thandizo, ndi za opanga pulogalamu, upite kwa opangawo. Muli m'nyumba imodzi.

Unanena kuti foni imandivuta. Ndikuuze pamene zinayambira. Chaka china kunabwera alendo pa galimoto ku kalabu yathu ya ulimi, natisiyira foni imodzi ya tonse ndi kabuku kake. Inali yoti tizijambula tizilombo ta m'munda n'kutumiza kwa mlangizi. Anatiphunzitsa m'mawa umodzi, tinawaimbira nyimbo, anapita. Mbozi zitalowa m'chimanga changa inali nthawi yanga yogwira foniyo. Ndinapita nayo kumunda ndi azimayi anzanga angapo. Dzuwa linali likuwala pagalasi la foniyo, manja anga ali dothi. Ndinajambula bwinobwino. Kenako panatuluka kabokosi kofunsa kanthu, ndi mabatani awiri pansi pake. Ndinatsegula kabuku. Tsamba loyamba linali lothokoza amene anathandiza. Lachiwiri linkanena cholinga. Kenako za kutchaja, za kusamala foni ku mvula, za kulembetsa mamembala. Ndinkafunafuna chithunzi chofanana ndi chimene chinali pamaso panga, osachipeza. Pena pankati onani zimene tafotokoza m'mutu wapitawu. Anzanga anayamba kusuntha mapazi. Ndinangodina limodzi mwa mabatani aja.

Zithunzi zonse zinachoka, zanga ndi za anzanga zimene zinkadikira netiweki kuti zipite. Anabanda, ukuwadziwa pakamwa pawo, anaika manja m'chiuno nati, "Amake Felista apha mbozi za kalabu yonse ndi chala chimodzi. Tiyeni nawoni kumunda kwanga, kuli zambiri." Anthu anaseka mpaka kugwirana. Inenso ndinaseka nawo, nanga ndikanatani. Mpaka lero ndikamadutsa pamsonkhano wa kalabu wina amakweza chala m'mwamba. Foni imeneyo sindinaikhudzenso, ndipo ina iliyonse ndikaigwira ndimafulumira kuibweza kwa mwini wake. Patapita miyezi mlangizi anabwera nanena kuti zithunzizo sizinafufutike, zinangosamukira pena, ndipo kuzibweza kunali kudina kawiri. Zinalembedwa m'kabukumo, chakumapeto, pansi pa mutu umene dzina lake sindikanaliganizira.

Ndiye chifukwa chake nkhani yako ya tizidutswa inandilowa mumtima. Uigwiritsitse, ngakhale wina akuuze kuti buku limodzi lalikulu limaoneka bwino pamaso pa alendo. Munthu safuna thandizo atakhala pampando ndi tiyi. Amalifuna ali pakati pa ntchito, anthu akumuyang'ana. Salowera pakhomo la kutsogolo, amagwera pakati. Kachidutswa kalikonse kayambe ndi chimene iye akuona pagalasi nthawi imeneyo, osati dzina limene inu a muofesi munachipatsa. Kasamutume kwina kuti akawerenge kaye. Kakhale kokwana pakokha ngati phukusi la paulendo. Ndipo kalikonse kathere ndi njira yobwerera. Umuuze kuti ukalakwitsa apa palibe chimene chafa, dina apa ubwerere. Mawu amenewa akanakhala pamaso panga tsiku lija, bwenzi lero ndili munthu wina pang'ono. Kumbukira, Felista, njira yobwerera.

Pali china chimene iwe umachita, ndipo ndikuuza chifukwa palibe wina amene angakuuze. Nthawi zimene unayesa kundiphunzitsa pa foni yako, ndikangochedwa pang'ono unkati, "Bweretsani kuno, amayi," n'kuilanda. Zala zako zinkathamanga, kenako n'kundibwezera uli, "Mwaona? N'zosavuta." Sindinkaona kanthu. Ndinkangoona kuti mwana wanga ndi wochenjera ndipo ine ndikumutayitsa nthawi. Ndinkavomera kuti ndaona, kuti usatope nane. Safunsa anadya phula, ndikudziwa, ndipo phula ndalidya lokwanira. Koma nawenso udziwe kuti wolanda chinthu m'manja mwa munthu sanamuthandize, wangomuchitira. Kumene ukupitako udzakumana ndi anamwino achikulire, azaumoyo a m'midzi, anthu oti ntchito yawo amaidziwa kuposa iwe koma galasi likuwanjenjemeretsa. Manja ako uwaike kumbuyo. Uwasiye adine okha, achedwe, alakwitse. Pamene pakuwachedwetsapo ndi pamene thandizo lako likuperewera, upaone n'kukakonza. Akakuuza msanga kuti amva, usakhulupirire. Ine ndakhala ndikunena kuti ndamva kuyambira ndili mtsikana.

Usatengere ine pa kukhala chete. Ndinakubala ndili wamng'ono, moti mpaka pano kumsika ena amatiyesa munthu ndi mkulu wake. Sukulu ndinaisiya chifukwa anthu anakhala pansi n'kugwirizana, ine n'kuuzidwa pambuyo pake. Ukwati chimodzimodzi. Makolo athu anabwera kuno pothawa nkhondo, ndipo anatiphunzitsa kuti mlendo sakweza mawu. Iwo anali ndi chifukwa. Ine ndinabadwira kuno, koma khalidwelo ndinalitenga ngati chuma chamasiye. Iwe usalitenge. Pamsonkhano ukaona muvi ukuloza polakwika, unene nthawi yomweyo, ngakhale mawu anjenjemere, ngakhale wojambulayo akhale bwana. Ukadikira kuti udzanene bwino mawa udzapeza atasindikiza kale.

Ndipo mwamuna akadzabwera, poti adzabwera, uyang'ane chinthu chimodzi. Adzakhala wokoma, adzati ndikusungire chiphaso chako, ndikuyankhire foni ukamasamba, abwana ako ndiyankhula nawo ine, kwanu ndiwauza ine. Chilichonse mwa izi pachokha ndi chaching'ono ndipo chimaoneka ngati chikondi. Tsiku lina udzadzuka n'kupeza kuti palibe chofika kwa iwe kapena chochoka kwa iwe chosadzera mwa iye. Ukadzayamba kukayika, utenge pepala ujambule moyo wako mmene umajambulira za kuntchito. Ukaona mivi yonse ikukumana pa munthu mmodzi, ngakhale akhale wabwino chotani, udzidzimuke.

Usamve ngati ndikukuuza kuti udane ndi atsibweni ako. Anatisunga bambo ako atapita. Denga ili anafolera ndi iwo. Sukulu yako anaiyendera, ndipo tsiku limene zotsatira zako zinatuluka analira pamaso pa anthu, mwamuna wamkulu. Uziwaimbira, uziwapatsa ulemu wawo, nkhani za mbumba zizidzera kwa iwo monga mwa mwambo. Iwo sadziwa kuti anandilakwira. Ukawafunsa adzakuuza kuti ananditeteza, ndipo adzanena ndi mtima woona. N'chimene chimandiwawa kwambiri, chifukwa munthu wotere sungakangane naye. Koma ine ndikudziwa mmene zidzakhalire. Ukadzadwala adzandiuza kuti uli bwino. Ntchito ikadzakuvuta adzati akupereka moni. Ukadzalira pafoni usiku woyamba chifukwa chosowa kwanu, adzakulimbitsa mtima okha, ine n'kudzamva chaka chamawa ngati nthabwala. Mwamuna wanga ndinamulandira motero. Mwana wanga ayi.

Ndiye tamvera chimene ndachita. Dzana nditagulitsa nandolo sindinabwerere molunjika kunyumba. Ndinalowa m'sitolo ina ku Limbuli, kutali ndi kumene atsibweni ako amakhala, n'kugula kafoni ka mabatani. Wogulitsayo anatenga chiphaso changa, anaikamo simu, nailembetsa m'dzina langa. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana uku ndi uku ngati ndikuba. Kali m'bokosi lake pansi pa zovala zanga, m'dengu lija la kuchipinda. Sindinakayatse. Ndikuopa kudina polakwika ndisanayambe n'komwe.

Pempho langa ndi ili. Usananyamuke, udule chikatoni cha sopo chili pakhondecho m'tizidutswa, undilembere thandizo langa mmene udzalembere la anthu a kumeneko. Kena ka kuyankha ukaimba. Kena ka kukuimbira ine. Kena konena chochita kakalumphira kutsidya, poti munda wanga wa chinangwa uli pafupi ndi mtsinje. Kena ka tsiku limene ndidzadine chinthu n'kuona zachilendo. Zilembo zikhale zazikulu. Ukatha undipatse kafoniko m'manja, iwe ukhale patali pang'ono, undisiye ndiyese ndekha. Ndidzachedwa. Minibasi yoyamba mwina ikusiya, ukwere yachiwiri. Atsibweni ako adzafunsa chimene chikutichedwetsa, ndipo ukawauza adzakhumudwa, mwina adzati ndayamba mwano ukalamba usanafike. Zimenezo usazisenze iwe. Ndidzawayankha ndekha. Sindikudziwa kuti mawuwo ndidzawatenga kuti, koma ndidzawayankha.

Ngati uona kuti n'zovuta, kuti nthawi palibe, kuti bola mmene munagwirizanira Lamulungu, sindidzakufunsa. Ndidzakunyamulira chikwama mpaka pamsewu, ndidzakupatsa makaka, chinangwa chouma chija, ndi nyemba zako za kalongonda, ndidzakweza dzanja minibasi ikamachoka monga achitira amayi onse. Kafoniko ndidzapatsa Rute akadzakula. Ndipo ndidzadziwa kuti thandizo limene ukukalemba kumeneko ndi la anthu ena, osati a mtundu wanga.

Wogulitsa uja ananditchulira nambala ya kafoniko mothamanga, anthu ali pambuyo panga, ndipo ndinavomera ngati ndaigwira. Sindinaigwire. Ndili ndi foni, Felista, koma nambala yanga sindikuidziwa. Uipeze iwe, undilembere pa kachidutswa kakekake, ndipo ukafika ku Lilongwe, usanamasule n'komwe chikwama, ukhale munthu woyamba kuiimba.

Mulungu akutsogolere panjira, ndipo akupatse pakamwa pamene ine anandimana.

Ndine mayi ako,
Marita